Ana Amene Tinawabisa M'sitoro

Pasukulu imene ndinkaphunzitsa kufupi ndi Chinyunyu tinali ndi luso limodzi limene palibe akanatiposa nalo, ndilo kulandira alendo. Mabuku anali ochepa, choko tinkachita kuthyolerana, koma tikangomva kuti kukubwera galimoto yochokera kuboma, sukulu yonse inkasanduka ya anthu osesa. Ana ankabwera ndi matsache a kunyumba, miyala ya m'mbali mwa njira tinkaipaka laimu, ndipo chilichonse chochititsa manyazi tinkachikankhira m'sitoro ya kuseri: madesiki othyoka, makasu opanda mipini, ndowa zobooka. Alendo akapita tinkatulutsanso madesiki aja, chifukwa ana analibe pena pokhala.

Mwambowu mwini wake anali ahedi athu, bambo wochokera ku Lusaka amene ankavala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo ankayenda ndi kansanza kopukutira nsapato m'thumba. Dzina la mwana sankalidziwa ndi limodzi lomwe, koma mwala wosapakidwa bwino ankauona ali kutali. Ndinkawanyoza mumtima tsiku ndi tsiku, komabe ndinkawapatsa moni mawondo atapinda. Chifukwa chake chinali pepala. Mwana wanga wamkazi, amene anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anabadwa ndi mphumu, choncho ndinali nditapempha kuti andisamutsire ku Lusaka, kumene kunali bambo ake ndi zipatala zazikulu. Pepalalo linali litagona miyezi yambiri m'dirowa ya ahedi, kudikira kuti asaine.

Chifuwa chinayamba mu Juni, nthawi ya mphepo yozizira ija imene imang'amba milomo. Anayamba ndi ana atatu a m'kalasi yanga, kenaka benchi lonse, kenaka sindinkathanso kumaliza chiganizo popanda wina kutsokomola. Matupi awo ankatentha, maso ali psuu, ena ankangoika mutu padesiki. Aphunzitsi awiri anagona. Tinamva kuti sukulu ina ya chaku Shikabeta aitseka chifukwa cha matenda omwewo, ndipo ahedi athu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kwa iwo sukulu yotsekedwa inali umboni woti mwini wake ndi waulesi ndi wauve.

Lachitatu lina kunabwera uthenga woti mawa lake a zaumoyo adzabwera kudzaona ngati ifenso tiyenera kutseka. Ahedi anatiitana tonse mu ofesi.

"Mailo kubwela balendo," anatero, "sinifuna kumvela mwana aliyense akhosomola pamenso pao. Bonse bodwala tizabaika mu sitoro paka balendo bayende."

Ndinafunsa, ndi kamawu kamene ine ndemwe ndinachita nako manyazi, kuti bwanji osangowabweza kunyumba.

"Ba Madamu, makolo bakabaona pa njila bazayamba kukamba, na balendo bapita mu njila yamene iyo. Ni maawa yabili chabe. Imwe ndimwe muzasunga kiyi."

Palibe anatsutsa. Tinali anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi, ophunzira, okhala ndi masatifiketi opachika pakhoma, ndipo tonse tinagwedeza mitu ngati kuti tauzidwa zopaka miyala. Kunena zoona, kwa ife zinali zomwezo. Tinali titazolowera kuti chosaoneka bwino chimapita kusitoro, moti tsiku limene chosaoneka bwinocho chinali ana, manja athu anangochita zimene ankadziwa.

Lachinayi m'mawa kusesa kunayamba. Bwalo lathu linali la dothi lokhalokha, ndipo mu Juni mvula imakhala itaiwalika kalekale. Fumbi linakwera mpaka kuphimba mbendera. Ahedi ankayenda pakati pa ana, khutu lili tcheru, akuloza ndi chala: iwe, iwe, ndi iwe. Olozedwa ankapita kukaima pakhomo pa sitoro, pamene ndinaima ine ndi loko m'manja.

Mwana wanga sanali kudwala. Ndinali nditamusamala masabata onsewo, ndikumukhazika pafupi ndi zenera, ndikumuveka masiki otsala a nthawi ya korona. Koma anali atasesa limodzi ndi anzake, ndipo fumbi linamulowa. Anatsokomola kawiri, ahedi nkutembenuka.

"Na uyo."

"Ba Hedi, uyu sadwala," ndinatero, "ni mphumu chabe, ni fumbi iyi."

"Manje balendo bazaziba bwanji kusiyanisa? Kukhosomola ni kukhosomola." Anawerama nkupukuta nsapato yakumanja, kenaka anaonjeza osandiyang'ana: "Ija pepala yanu ninaiona. Tizakamba balendo bakayenda."

Ndakhala ndikufuna kwa zaka zambiri kunena kuti anandikakamiza. Sanandigwire dzanja. Ndinadziuza kuti ndi maola awiri okha, kuti ndikuchitira mwana yemweyo, kuti pepala likasainidwa sadzapumanso fumbi la kuno. Ndinamugwira paphewa nkumulowetsa. Sitoroyo inali ndi kazenera kamodzi kokwera, ndipo mkatimo munali kale ana odwaladi, ena atakhala pa matumba a laimu, ena pansi pa madesiki othyoka. Mwana wanga anandiyang'ana, osalira. Ndinatseka chitseko nkukhoma loko, kuopa kuti ana angasuzumire alendo ali pabwalo.

Alendo amene tinkawayembekezera naini koloko anafika dzuwa litapendeka, chifukwa anali atayamba kaye sukulu zina. Ahedi sanalole kuti titsegule, poti galimoto ikhoza kutulukira nthawi iliyonse. Itafika, ana amene anatsala pabwalo anaimba nyimbo yolandirira, akumeza chifuwa mpaka misozi kulengeza. Ahedi anaonetsa ndowa zosambira m'manja, zimene zinali zitathiridwa madzi m'mawa womwewo koyamba m'chaka chonse, ndi kasopo kamene tinkasungira alendo basi. Analankhula zaukhondo ngati mlaliki.

Mwa alendowo munali nesi wina, mayi wamfupi wa maso akuthwa. Iye miyala yoyera sinamunyenge. Anandipatula nkundifunsa chapansipansi: "Ba Madamu, mu kalasi yanu mulibe bodwala? Bana baoneka bochepa."

Kiyi inali m'chikhatho changa, yatentha ndi thukuta. Sitoro inali kuseri kwa khoma limene tinatsamira.

"Bodwala ni bochepa chabe," ndinayankha, "bali kunyumba."

Anandiyang'ana kanthawi, nkulemba m'buku lake. Anapita akutiuza kuti tingapitirize kuphunzitsa, koma tiwadziwitse zikasintha. Ahedi anawabaibitsa mpaka galimoto italowa mumsewu waukulu, kenaka anatigwira chanza mmodzimmodzi ngati tapambana mpira.

Nditatsegula, mpweya wotentha wonunkha thukuta ndi mkodzo unandiomba kumaso. Ana anatuluka mwakachetechete, akuphethira. Wanga anali atakhala pansi, atatsamira mwendo wa desiki, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira kamluzu kamene ndinkakadziwa bwino. Ndinamupopera mankhwala ake mkamwa, anapezako bwino. Loweruka thupi linatentha. Lolemba m'mawa milomo yake inali itada, ndipo ndinaima naye pamsewu, ali kumsana ngati khanda, kuimitsa minibasi ya ku Rufunsa.

Kuchipatala anatilandira ndi nesi yemwe uja. Anathamanga naye, anamuika chopumira kumphuno, anamubaya jekeseni. Mwana atayamba kupuma bwinoko, nesiyo anakhala pambali pa bedi nkumufunsa mokoma kuti chifuwacho chinayamba liti.

"Pamene amayi banatikhomela mu sitoro," anatero mwana wanga. Sananene mondineneza ayi. Ankangoyankha funso, monga ndinamuphunzitsira kuyankha akuluakulu.

Nesi anakweza maso. "Si ndimwe ba Madamu ba ku sukulu kuja?"

Ndinavomera. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangodzuka nkupita kukaimba foni.

Sabata yomweyo sukulu inatsekedwa. Pofika nthawiyo panalibenso chobisa: ana a m'sitoro aja anali atapatsira azing'ono awo kunyumba, aphunzitsi tinatsala awiri oimirira, ndipo ahedi eni ake ankatsokomola moti ogulitsa tomato kumsewu ankawamva. Miyala yokha ndiyo inali yathanzi, ili mbuu m'mbali mwa njira yopita kumakalasi opanda munthu.

Mwana wanga anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo anachira. Titatsegulira, ahedi anandiitana nkunditambasulira pepala lija, litasainidwa, litadindidwa. Sindikudziwa ngati inali mphoto kapena njira yondichotsa pamaso pao. Anati ndine mphunzitsi womvera, ndipo sukulu imafuna anthu otere. Ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinanenanso zikomo.

Tsopano tili ku Lusaka, chipatala chili pafupi, monga ndinkafunira. Mwana ndi wamkulu, ali kusekondale, ndipo za tsiku lija sitinakambiranepo. Ahedi aja ndimawanyozabe ndikawakumbukira, ndi kansanza kao ka nsapato, koma kunyozako sikufika patali, chifukwa ndimakumbukiranso amene anagwira loko. Masana mwana akamawerenga kuchipinda, bambo ake amamutsekera chitseko kuti phokoso la wailesi lisamusokoneze, iye osadandaula. Ndikachigwira ine, amakweza mutu m'buku nkunena mwaulemu kuti, "Amayi, chisiyeni chabe chosegula."