Zingwe Zimene Anayanika Padenga

Chinali chaka cha 2009, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, pamene ndinasiya khasu ku Mandimba n'kukwera chapa, minibasi ya ku Cuamba. Fodya anali atandikana. Sindinafunse maganizo kwa munthu. Mkazi wanga, Abiti Saidi, anangoti, "Pitani, koma muzitumiza."

Ku Cuamba ndinali mlonda pamalo ochekera matabwa. Ndinkagona m'kachipinda ka malata, kudya ndekha, kudwala ndekha. Foni ikalira ndinkadziwiratu: sopo watha, mwana wadwala, mlamu akufuna njinga. Wondifunsa ngati ndadya panalibe. Ndinkatumiza. Magetsi atafika kwathu ndinagula jeleira, ndiye kuti firiji, kuti mkazi wanga azigulitsa zakumwa zozizira, ndi zingwe zitatu za magetsi, zija timati estensawu.

Kumatabwako ndinaona mnzanga Rachide atagwidwa ndi magetsi a chingwe chimene chinagonapo m'madzi. Kunja chinali chouma. Dzanja lake silinatambasukenso.

Chaka chatha madzi analowa m'nyumba mwathu ku Mandimba kulekeza m'mawondo. Ndinaimba foni. "Zingwe zonse zimene zamira mudule, mutaye. Matope alowa m'mabowo, dzimbiri lidya mkati."

Anayankha ndi Mussa, mlongo wa mkazi wanga, amene anadziika ufumu pakhomo ine kulibe. "Alamu, tauni yakuphunzitsani kutaya zinthu. Chinangwa chikanyowa timayanika. Chimanga timayanika."

"Chingwe si chinangwa."

Anadula foni.

Msewu utauma ndinasiya ntchito n'kubwerera. Ndinapeza zingwe ziwiri zikugwira ntchito. Anali ataziyanika padenga ngati makaka, pong'ambika n'kukulungapo mphira wa chubu cha njinga. Nditagwedeza chimodzi, m'mabowo munatuluka dothi. Ndinazizula, ndinaziika pachitsa, ndinazidula ndi chikwanje onse akuona.

"Mwabwerera kudzaononga?" anatero mkazi wanga. "Zaka zonsezi takhala bwanji popanda inu?"

"Chachitatu chili kuti?"

"Chinapita ndi madzi," anatero Mussa.

Linali bodza. Anachibisa kuseri kwa matumba a chimanga, m'chipinda cha jeleira, ndipo ankatchajira mafoni a anthu mwakabisira. Lachisanu masana, amuna tili ku mzikiti, chinayaka. Mdzukulu wanga Amina, wa zaka zinayi, anali atagona momwemo. Anamutulutsa ndi bambo wina wa njinga amene ankadutsa mumsewu. Mwendo unali utapsa kale.

Titabwera kuchipatala, Mussa anati ndi chifuniro cha Mulungu.

"Mulungu sanabise chingwe kuseri kwa matumba," ndinatero. "Choka pakhomo panga."

"Pakhomo panu?" Anaseka. "Malo ano ndi a mayi athu. Inu ndinu mkamwini, alamu. Mkamwini salamula."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anayang'ana phulusa.

Apo ndi pamene ndinadziwa. Ndalama zanga zinkalowa pakhomo paja popanda kuodira, koma mawu anga ankathera kumpanda. Malata ndi anga, simenti ndi yanga, ine ndine mlendo. Sindinachoke. Ndimamusambitsa bala Amina, ndipo Mussa sindimupatsa moni.

Zimene zinapita ndi izi: jeleira imodzi, matumba asanu ndi awiri a chimanga, malata khumi, mafoni asanu ndi anayi a eni ake, khungu la mwendo wa mwana, ndi zaka zanga khumi ndi zisanu. Chingwe chatsopano mtengo wake ndi nkhuku imodzi.