Chitini cha a Mbewe sichinali cha tiyi

Makatoni makumi anayi a mkaka wa m'chitini, uja wokhuthala wa shuga, atsekeredwa m'nyumba yosungiramo katundu ku Salima, ndipo mwini wake sakuloledwa kugulitsako ngakhale chitini chimodzi. Sabata ino ndi yachitatu.

Izi ndazimva Lachiwiri, nditapita ku Area 2 kukagula zitini ziwiri. China chinali chathu. China chinali cha a Mbewe, alonda a nyumba imene tinapatsidwa ku Area 11 titasamuka ku Zomba. Kwa miyezi iwiri tsopano, sabata iliyonse amandidikira pageti, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mukafika kutauni musaiwale chitini chija. Cha ng'ombe yofiira."

Ine ndinkagula, n'kumadziona ngati munthu wachifundo. Ndinkati mkuluyu amakonda tiyi. Kufunsa sindinafunsepo.

M'sitolo ya a Gondwe, pamene pamakhala mkaka panali machesi.

"Mkaka wanga uli ku Salima, ukuwothera dzuwa," anatero a Gondwe, akuseka pakamwa pokha. "Pofika kuno udzakhala utasanduka chambiko."

Nkhani yawo ili motere. Ataona kuti likulu labweretsa amisiri, makalaliki ndi mabanja ochokera ku Zomba, onse omwa tiyi koma ambiri opanda fuliji, anaganiza zoleka kupikula kwa anzawo n'kuyamba kuitanitsa okha mkaka kunja. Mkakawo unawoloka nyanja, unachedwa padoko, kenako unakwera sitima mpaka ku Salima, kumene njanji imathera kwa ife a ku Lilongwe. Lole inapita kukautenga, n'kubwerako yopanda kanthu.

Zifukwa ndi ziwiri. Chilolezo chawo choitanitsira katundu chinatha mphamvu katunduyo akadali panjira. Chimenecho akuti chikhoza kukonzedwa. Chovuta ndi pepala lomata pachitini: linalembedwa m'chinenero chimene kuno sitiwerenga, ndipo lilibe chenjezo limene oyang'anira katundu wolowa m'dziko akufuna. Lolemba likudzali ndi pamene awauze ngati angamate mapepala ena, kapena katunduyo abwerere kumene anachokera. Akachedwa nazo, kutentha kwa ku Salima kuweruza kokha, pakuti chitini chikatupa ndi chotaya.

A Gondwe anatulutsa chitini chachitsanzo pansi pa kauntala.

"Taonani, akulu. Ng'ombe ndi yomweyo. Koma akuti mkaka uwu anauchotsa mafuta, ndiye pachitini palembedwe kuti si wa makanda. Ndani wamisala angamwetse khanda zimenezi?"

Ndinavomereza. Ndinawonjezeranso mawu anga onyoza anthu okonda mapepala. Tinasiyana tili pa umodzi.

Madzulo a Mbewe atafika pantchito, ndinawauza mwanthabwala.

"Lero kulibe, a Mbewe. Sabata ino mumwa wosathira."

Sanaseke. Anayang'ana pansi, akupotokola chipewa.

"Tiyi ine sindimwa, bwana. Chitini chija n'cha mdzukulu."

Mwana wawo wamkazi, Nambewe, anapeza ntchito yolera ana ku Area 10. Eni nyumba anam'patsa kachipinda kuseri kwa nyumbayo, koma anamuuza kuti abwere yekha. Khanda lake, la miyezi isanu, linatsala kumudzi, kupitirira Likuni, m'manja mwa akazi awo a Mbewe. Nambewe amapitako Lamulungu lokha, n'kuyamwitsa tsiku limodzi.

"Nanga masiku enawo?" ndinafunsa.

"Amayi akunyumba amaboola chitini pawiri ndi msomali. Supuni imodzi m'botolo, n'kudzaza madzi. Chimakwana sabata yonse."

"Mwanayo akunenepa?"

"Mimba yokha ndiyo ikukula. Amatsegulanso m'mimba kawirikawiri. Koma kumwa amamwa bwino, bwana, n'zotsekemera. Tinaona kuti ndi umene mumamwa inu mabwana. Tinati basi, ndiye wamphamvu umenewu."

Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga chitini chathu chotha chimene akazi anga amasungiramo zikhomo, n'kuchitembenuza. Pansi pa ng'ombe yofiira pali tizilembo tachingerezi. Chenjezo lija lilipo. Linalipo pa chitini chilichonse chimene ndinapereka pageti. Ine amene ndimadya za kuwerenga ndi kulemba, sindinaliwerengepo n'kamodzi komwe.

Tsono ndibweze mawu amene ndinayankhula m'sitolo muja. Amene agwira makatoni aja sanalakwe. A Gondwe ndikuwamvera chisoni, pakuti ndi munthu wolimbikira amene waikapo zonse zimene anali nazo. Koma aliyense wofuna kuitanitsa chakudya kunja aphunzirepo: yambani mwaitanitsa chitini chimodzi, mukachionetse kwa eni malamulo, ndipo chilolezo chanu chikhale ndi masiku okwanira kuchedwa kwa padoko. Sitima sifulumira chifukwa choti pepala lanu likutha.

Koma inu owerenga, tandiuzani: chenjezo limeneli analembera yani?

Amene amawerenga Chingerezi mkakawu amangothira m'tiyi. Amene akumwetsa khanda amagula poona chithunzi. Kwa iwo dzina la mkaka ndi "ng'ombe yofiira", basi. Ngakhale a Gondwe amate pepala latsopano pa chitini chilichonse, akazi awo a Mbewe adzaona ng'ombe yomweyo. Kodi chingavute n'chiyani kuti mawu atatu okhawo, "Si wa makanda", alembedwe m'Chichewa, m'zilembo zazikulu? Kodi wogulitsa angatayepo chiyani atamafunsa kuti, "N'cha yani chitinichi?" Funso limeneli ine linandikanika kwa miyezi iwiri.

Palinso china, ndipo ichi n'chathu, ife amene tikulowa m'nyumba zatsopano za ma Area. Nyumbazi zili ndi kachipinda ka wantchito kuseri. Tikafuna wolera ana timasankha mayi wodziwa kugwira khanda, kenako timati abwere wopanda mwana, kuti pakhomo pasamamveke kulira kwina. Timadzifunsa kuti mwana wakeyo akudya chiyani? Ine ndikadakhala kuti ndikulemba wolera ana, mwina ndikadanena mawu omwewo.

Nditawamasulira a Mbewe zolembedwa pachitini, anakhala pansi pakhonde. Sanandidzudzule. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti takhala tikumupweteka ndife?"

Ndinawauza kuti ayi, iwo amamusunga wamoyo ndi zimene anali nazo. Woyenera kuwerenga anali ine.

Mawa Loweruka m'mawa tipita nawo kumudzi pagalimoto, tikatenge mwanayo ndi agogo ake kupita nawo kusikelo, anamwino akamuyeze n'kutiuza choyenera kumwetsa. Lamulungu masana akazi anga akagogoda pageti ina ku Area 10. Sakuwadziwa eni nyumbayo. Pempho ndi limodzi: khandalo liloledwe kukhala m'kachipinda kaja ndi mayi ake.

A Mbewe akuti mkaka wa Nambewe sunaphwe. Eni nyumbayo akalola, sabata yamawa mwanayo ayamba kuyamwa tsiku lililonse.