Mkono wa a Nabanda

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinali nditatopa ndi kusoka fodya m'chigafa cha amalume ku Njombwa, n'kubwera pa Boma kudzagulitsa zamasamba mumsika. Tsiku lina mayi wina wa ku China anaima pabenchi langa kufuna jinja. Ndinawalongolorera Chingerezi changa cha Folomu 2 mpaka tonse tinayamba kuseka, ndipo asanachoke anandifunsa ngati ndingamawamasulire zonena za odwala. Dzina lawo linali Mayi Lin. Amuna awo anali ndi sitolo ya ziwiya, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda komwe iwo ankathandizira anthu ndi mankhwala a chikhalidwe cha kwawo. Pakhoma panali mapepala a sukulu yawo ndi chilolezo, ndipo anandiuza kuti aliyense wofuna kuwaona ndizimuonetsa osachita tsinya.

Kachipinda kaja ndimakakumbukira ndi mphuno. Munkanunkhira mizu youma, makungwa ndi makoko a malalanje, zonse zili m'timadirowa tamatabwa. Ntchito yanga inali kuyeza mankhwala pakasikelo kamkuwa, kuwakulunga m'mapepala, kupukuta bedi ndi sipiriti, ndi kufotokozera anthu kawiritsidwe kake mumphika wadothi. Singano zawo zobaya pathupi pochiza ululu zinali zoonda ngati tsitsi, ndipo iliyonse ikagwira ntchito kamodzi inkatayidwa m'kabokosi kotseka. Wodwala akafika ankaika mkono pakapilo, Mayi Lin n'kumvetsera kugunda kwa mtsempha ndi zala, kenako n'kumuuza atulutse lilime. Azibambo a misana yopweteka ndi kunyamula mabelo ankachita manyazi kwambiri pa lilimepo, ine n'kumaseka chamumtima. Lamulo lawo kwa ine linali limodzi: "Unene zimene ndanena. Usathire shuga."

Lamulo limeneli linandilemera tsiku lina m'nyengo yosankha fodya. Kunafika a Mwale, mlimi wa ku Chulu, atakweza akazi awo a Nabanda panjinga. A Nabanda anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ankalandira mankhwala a m'mitsempha kuchipatala ku Lilongwe. Mankhwalawo ankawasanzitsa, tsitsi linali litathothoka pansi pa duku, ndipo ulendo wina wa kuchipatala unali pafupi. Monga zimakhalira kwathu, amuna awo ndiwo ankayankhulira wodwala.

"Mwanawe, auze adokotalawo kuti ku Lilongwe sitibwererakonso. Akundiphera mkazi ndi mankhwala awo aja. Atipatse a Chitchaina, achire konkuno."

A Mwale anatulutsa kabotolo ka makapisozi komwe anagula kwa munthu wina wa galimoto ya chimkuzamawu pamsika. Iyeyo anawalonjeza kuti khansa imatha ndi mabotolo ochepa, bola asiye zakuchipatala. Mayi Lin anakatembenuza kabotoloko, sanapezepo dzina la wopanga ngakhale zomwe zili mkati. Anagwira mkono wa a Nabanda, kuona lilime, kufunsa mankhwala omwe akulandira. Atatero anandiyang'ana n'kunena kuti khansa iwo sangachize, kuti mayiwa akasiya chipatala matendawo akula, ndiponso kuti sapereka muzu uliwonse dokotala wa ku Lilongwe asanadziwe, chifukwa mizu ina imalimbana ndi mankhwala a m'mitsempha. Ngakhale singano anakana, poopa kuti magazi a wodwalayo angakhale ofooka.

Kwathu munthu wodwala sumamuuza kuti "sindingathe." Umati tiyesa, umati Mulungu alipo, umamupatsa kanthu konyamula popita kwawo. Komanso awa anali akuluakulu, msinkhu wa bambo anga. Ndinkafuna kuzungulira, koma ndinadziwa kuti ndikangofewetsa mawu, a Nabanda sakakweranso minibasi ya ku Lilongwe. Ndinagwada pang'ono n'kunena zonse monga zinalili.

A Mwale anaimirira chipewa chili m'manja. "Ndiye tapalasa njinga kuchokera ku Chulu kudzamva zimenezi? Dokotala wanji wokana wodwala? Tiyeni, Nabanda."

Mayi Lin sanakangane nawo. Anandiuza kuti ndifunse mayiwo, osati abambo, chomwe chikuwavuta kwambiri. Ndinachita mantha kulumpha mwamuna wa mwini, koma ndinafunsa. A Nabanda anayankha motsitsa, maso ali pansi.

"Ine chipatala sindikukana ayi. Koma mseru. Ndikamasanza, awa amangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Ndimawamvera chisoni."

A Mwale anakhala pansi. Pamenepo ndinazindikira kuti bambowa sanali ouma mtima, anangotopa ndi kuonerera opanda chochita. Mayi Lin anatembenuza mkono wa a Nabanda, chikhatho kumwamba, anayeza zala zitatu kuchokera pamene dzanja limapindikira, n'kusonyeza kamalo pakati pa mitsempha iwiri. Anatenga chala chachikulu cha a Mwale, chakuda bii ndi utomoni wa fodya, n'kuchiika pamenepo. Anati azikanikiza pang'onopang'ono mseru ukayamba, ndipo ananenetsa kuti si mankhwala a khansa, ena zimawathandiza, ena ayi. Anawauzanso kuti akapemphe kuchipatala mankhwala oletsa kusanza, ndipo kabotolo kaja akakaonetse dokotala. A Mwale anatuluka osatsanzika bwino, ndipo ine ndinaweruka mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati ndawaponya kwa wa chimkuzamawu uja.

Patapita milungu ingapo ndinatumidwa ku Lilongwe kukatenga katundu. Nditakwera minibasi padepoti ndinaona a Mwale ndi a Nabanda kumpando wakumbuyo. A Mwale, bambo a ku Chulu, mkulu wa mpingo, anali atagwira mkono wa akazi awo pagulu, zimene azibambo a kwathu sachita ngakhale pa ukwati. Kondakitala anayamba kuwaseka kuti chikondi chafika pa madala. Iwo sanausiye mkonowo. Anangoti, "Iwe tolera anthu, ine ndili pantchito."

Mayi Lin anabwerera kwawo kalekale, ndipo m'kachipinda kaja tsopano akugulitsamo feteleza. Ndikadutsapo ndimawasowa, ndimasowanso fungo lija. Anthu amene abale awo ali ndi khansa amandifunsabe kuti wa mankhwala a Chitchaina wabwino angamudziwe bwanji. Ndimawauza kuti apemphe kuona mapepala ake, aone ngati akufunsa za mankhwala akuchipatala, ndipo akangomva kuti "siyani chipatala, ine ndichiza," anyamuke. Wabwino amanena poyera chimene sangathe. Za a Nabanda sindinamve mathero ake, ndipo sindinganame kuti anachira. Chimene ndinaona n'chakuti tinadutsa pa Mponela asanasanze, ndipo pofika ku Lilongwe anatsika kulunjika kuchipatala, amuna awo atawagwirabe mkono.