Nkhope ya Mwana wa Debora

Ku Chisepo mtsikana akapeza banja, asanakaonane n'komwe ndi bambo mfumu ku parishi, amayamba wadzera kwa Debora. Mayi ameneyu ndiye amaphoda akwatibwi dera lonselo. Ntchitoyi anaiyamba atatopa ndi kusankha fodya m'chigafa cha amuna ake, a Nowa. Ankati ngati zala zake n'zoti zizida, bola zizida ndi phoda.

Koma Debora ndi wovuta, ndikuuzeni. Sapaka munthu tsiku lomwe wamuona. Amayamba wakupaka kamafuta kuseri kwa khutu, n'kukuuza kuti uzipita. Pakapanda kuyabwa kapena kutuluka ziwengo, ndiye mungakambirane. Ukamufulumizitsa amakuyankha pamaso pa anthu: "Nkhope si khoma la golosale loti ndingothira laimu. Ngati uli pachangu pita kwa a Tomasi opaka penti." Atsikana amatuluka akung'ung'udza, koma amabwereranso.

Ndiye taonani zochita Mulungu. Mwana wake yemwe, Talandira, anabadwa ndi khungu lonyada. Sopo wonunkhira akangomukhudza, nkhope yonse ziwengo mbwee. Choncho Isake, mphunzitsi wa ku Ntchisi, atamufunsira, Debora anayamba ntchito anthu asanayambe n'komwe kusonkha chimanga cha ukwati. Kusamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wopanda fungo. Popukuta osakhula, kungogunditsa kansalu kofewa. Mafuta ofewetsa khungu m'mawa ndi madzulo, chipewa padzuwa, ndipo kukhitchini kwa utsi anamuletsa kupondako. Khungu linasalala, Debora n'kuyamba matama. Pamjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro, nkhani inali imodzi: "Mudzaone Loweruka limenelo. Pa ana anu paja ndinkangophunzirira."

Koma mwambo ndi mwambo. Ukwati ukayandikira mkwatibwi amatengedwa ndi anankungwi kukalangizidwa za m'banja, ndipo mayi womubereka salowa m'nyumbamo. Zonenedwa m'menemo si zoti mwana azimva mayi ake ali pompo. Wotsogolera anankungwiwo anali a Margareta, alongo awo a Nowa.

Debora anawachonderera pakhomo: "Alamu, langizani zonse zimene mukudziwa, koma nkhopeyo musaikhudze."

"Ife tinayamba kusambitsa akwatibwi inu musanadzione pagalasi," anatero a Margareta, n'kutseka chitseko.

Tsono kwa a Margareta, munthu wosamba ndi amene wakhulidwa mpaka kulira. M'mawa wa tsiku la ukwati anatenga chinkhupule ndi sopo wochapira zovala, n'kumukwecha mwana ngati poto wopserera. Atatha anamudzoza mafuta onunkhira a m'botolo lopanda dzina, ogula pamsika, ati mwamuna amve fungo ali patali.

Debora anafika ndi kabokosi kake ka zophodera, iye atadziphoda kale, nsidze atajambula, milomo ili psuu. Kuti amuone mwana! Masaya atupa, zikope zalemera, ziwengo mpaka m'khosi.

"Mayo ine! Alamu, mwanayu mumati mumusende?"

"Komatu wayera," anayankha a Margareta, osachita n'komwe manyazi.

Debora anatembenukira kwa mwana wake. Anaviika kansalu m'madzi ozizira a mumtsuko n'kumamuika mwana pamasaya, kuchotsa mafuta aja pang'onopang'ono. Kutupa kunatsikako, koma ziwengo sizimva kuti ansembe akudikira. Panja galimoto ya akuchimuna inali italiza kale hutala.

Talandira anagwira dzanja la mayi ake, misozi ili chuchuchu. "Amayi, ingondipakani zibisike. Ana a eni mumawakongoletsa, ine wanu ndikalowe m'tchalitchi chonchi?"

Apa Debora mtima unamupweteka zedi. Ankadziwa kuti phoda akhoza kubisa, mwina mpaka pa ulaliki. Ankadziwanso kuti phoda ndi thukuta pakhungu lokhulidwa chotere zikanabala zilonda, ndipo zipsera zake mwana akanapita nazo ku Ntchisi. Koma akapanda kupaka, Chisepo yonse inali itakhala kale pamabenchi, makosi ali m'mwamba, kudikira kuona luso lake. Amayi amene ana awo akukwatiwa chaka chino anali momwemo, ndipo amayi a kuno saiwala msanga.

Anatsegula kabokosi. Anatola kasiponji, n'kuyang'ana masaya a mwana wake. Hutala inaliranso.

Anabwezera kasiponji, n'kutseka kabokosi.

"Sindipaka pachilonda. Lira, undide, koma mwambo wa ukwatiwu ukutha madzulo ano, nkhopeyi utsala nayo."

Talandira analira mokweza. A Margareta anayamba kunena kuti mayi wanji wouma mtima chonchi. Debora anangotola kansalu konyowa kaja, n'kudzipukuta yekha. Phoda, nsidze, zofiira za pamilomo, zonse anachotsa, mpaka makwinya amene anthu a ku Chisepo anali asanawaonepo anaonekera poyera. Kenako anamuveka mwana wake velo, n'kumudzutsa.

"Tiye, mwanangu. Ofuna kuseka akatiseke tonse awiri."