Moto umene ndinayatsa pachilumba cha paki

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisungira mpweya kufikira lero, ngakhale sindili woyenera. Ndikumuthokoza chifukwa ana anga sanagonepo ndi njala, ndiponso chifukwa wandilimbitsa mtima kuti ndilembe zimene ndakhala ndikungoziulula ndili chogwada. Inu owerenga, mwamuna wanga ali kundende chifukwa cha machesi amene ndinayatsa ine ndi dzanja langali. Tsiku limenelo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikutumikira Ambuye.

Timakhala ku Senga Bay. Amuna anga, abambo ake Chisomo, anali ndi boti la injini. Ntchito yawo inali kunyamula alendo a m'maloji kupita nawo kuzilumba zimene zili m'manja mwa paki, kukaona nsomba za mbuna zija zokongola mitundumitundu. Malamulo a kumeneko ankawadziwa ngati Pemphero la Ambuye. Sufikako wopanda chilolezo, suponya ukonde kapena mbedza pafupi ndi miyala, sudula mtengo, suyatsa moto. Ankanenanso kuti aphungu analikhwimitsa lamulolo, masiku ano si zongokukalipira n'kukusiya. Zonsezi ine zinkangondidutsa. Ndinkati malamulowo ndi a anthu opha njovu ndi ogulitsa ngaka, sakukhudza mayi wa mapemphero ngati ine.

Ndinkatsogolera kagulu ka amayi kopemphera Lachinayi. M'kagulumo munali Mayi Nabanda, amene amuna awo, msodzi wa usipa, anali atangomwalira. Posesa m'nyumba anapeza kudenga thumba la zithumwa, nsupa ndi timizu, mankhwala amene malemuwo ankati amaitana nsomba. Kuyambira pamenepo mayiwo tulo tinawathawa. Anaonda, maso analowa m'kati, ndipo anatipempha akulira kuti tiwachotsere zinthuzo.

Tinagwirizana zoziwotcha, koma malo ndi amene anavuta. Pamudzi anthu oyandikana nawo anakana, ati utsi wake ulowa m'nyumba zawo. Kuphiri kumene timapemphera magulu ena anatiletsanso. Ndiye mayi wina ananena motsitsa mawu kuti zinthu zoterezi siziwoloka madzi, tikakaziwotchera pachilumba sizidzabwereranso. Monga mtsogoleri, ndinayenera kumudzudzula pomwepo, chifukwa amenewo anali mantha omwe aja a mwini zithumwa. Koma ine ndinawalandira mawuwo n'kuwaveka Malemba. Ndinawakumbutsa anzanga za anthu a m'nthawi ya atumwi amene atatembenuka mtima anatentha zamatsenga zawo. Ndinasiya dala kunena kuti iwowo anatenthera mumzinda mwawo momwemo, anthu onse akuona. Abusa sindinawauze, chifukwa ndinkadziwa kuti akana.

Nditawauza amuna anga, anayamba ndi kuseka.

"Amake Chisomo, kodi Mulungu wa pachilumba ndi wina, wa kuno ndi winanso? Wotchani kuseri kwa bafa yathuyi, utsiwo ndiupuma ine."

"Musachite nthabwala ndi zinthu za mizimu, bambo."

"Nthabwala ayi. Chilumba chija n'cha paki. Moto saloleza ngakhale wophikira tiyi."

Ndinawayankha kuti dziko lonse mwini wake ndi Yehova, ndipo tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Atakanabe, ndinayamba kusala kudya mowaonetsera, ndipo popemphera ndinkakweza mawu kuti amve ndikupempherera mitima youma. Abale anga, mkazi akhoza kukakamiza mwamuna wake ndi pemphero monga mmene wina amakakamizira ndi chipongwe. Pomaliza anagonja.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinanyamuka m'mawa, ine, Mayi Nabanda ndi amayi ena angapo, thumba lija lili kutsogolo kwa boti, aliyense atalitalikira. Amuna anga anatikocheza mbali ya chilumba kumene alendo safikafika. Anatilozera mwala waukulu wathyathyathya m'mbali mwenimweni mwa madzi, natipatsa ndowa, n'kunena kuti tiwotchere pamenepo, tizimitse, tizipita. Iwo anatsala m'boti akukonza injini.

Ine ndinaona kuti pamwalapo mafunde akhoza kutenga phulusa n'kulibwezera kumtunda kwathu. Choncho ndinawatsogolera anzanga kukwera chapamwamba, pakati pa udzu wouma wofika m'chiuno. Thumbalo linali litanyowa m'boti, moti moto unkangozima. Ndinatsika mwakachetechete n'kukapungula petulo wa m'chigubu, amuna anga ataweramira injini. Ndinathira, ndinayatsa. Kenaka tinagwirana manja, tinatsinzina, n'kuyamba kupemphera mofuula.

Tili chitsinzinire tinamva kuthetheka kukukulirakulira. Mayi wina anakuwa kuti, "Aleluya, zikupsa, tamverani mmene zikulirira!" Ife tonse tinawonjezera mawu. Chimene chinkalira ndi udzu. Pamene kutentha kunatifika m'miyendo n'kutsegula maso, mphepo inali itautenga kale moto, ukuthamanga chokwera phiri.

Amuna anga anafika akuthamanga, nayamba kuumenya motowo ndi nthambi zaziwisi mpaka manja awo anatuluka matuza. Ife tinkatunga madzi ndi ndowa imodzi ija. Utsi unaoneka kutali. Posakhalitsa linafika boti la asilikali a paki, aja timawatcha agemu, ndi asodzi ena amene anali chapafupi. Analimbana nawo motowo mpaka dzuwa kupendeka, koma mbali yonse ya chilumbacho inatsala yakuda bii.

Wamkulu wa agemuwo sanatimenye, sanatitukwane. Anatiyendetsa m'phulusamo. Ndinaona ng'azi yopserera itapinda mchira. Ndinaona zisa zitagwa, tiana ta mbalame tili momwemo. Pamwamba nkhwazi zinkazungulira mtengo umene unali ukufukabe. Wamkuluyo anatiuza kuti mvula yoyamba idzakokolola phulusa ndi dothi lonselo n'kukwirira miyala imene mbuna zimadyapo. Kenaka anayang'ana Baibulo limene ndinali nditalipanira kukhwapa.

"Mayi, ndi Mulungu uti anakutumani kudzawotcha nyumba za mbalame zake? Chabwino, wayatsa ndani?"

Tonse tinangoti zii.

"Ndine, bwana," anatero amuna anga. "Boti ndi langa, petulo ndi wanga. Amayiwa ndawabweretsa ndine."

Inu owerenga, ndawerengapo kambirimbiri za Petro mmene anakanira Mbuye wake akuwotha moto, ndipo ndinkamuona ngati munthu wofooka. Tsiku limenelo ndinaima m'phulusa, mwamuna wanga akumumanga manja amatuza, ine osatsegula pakamwa.

Amayi tonse tinaimbidwa mlandu wolowa m'paki popanda chilolezo. Tinavomera, abale anatithandiza kulipira chindapusa, tinatuluka. Wa amuna anga unali wina. Woweruza ananena kuti lamulo limateteza chilichonse cha m'paki, kuyambira nsomba mpaka udzu, chifukwa malowo ndi a Amalawi onse, obadwa ndi osabadwa omwe. Anati munthu amene amadya kuchokera kupakiko ndipo malamulo ake amawadziwa bwino, mlandu wake ndi wolemera kuposa wa mlendo. Analamula kuti boti lilandidwe pamodzi ndi injini yake, popeza ndi limene linagwiritsidwa ntchito polakwira lamulo, ndipo mwini wake akagwire ukaidi. Sindingamunene woweruzayo kuti anakondera. Anaweruza zimene anauzidwa, ndipo amene akanamuuza zoona anali atakhala pabenchi ya kumbuyo, atafunda chitenje kumutu.

Kuchokera apo moyo unasintha. Anzawo a maboti anayamba kufufuzidwa kwambiri akamapita kuzilumba, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni. Mayi Nabanda anabwerera kwawo kwa Maganga, kagulu kathu kanatha. Ine ndimagula usipa pagombe n'kumayanika pathandala la eni, kuti ana apeze chakudya.

Ulendo woyamba kukawaona kundende ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Anali ataonda, zipsera zili mbuu m'manja. Anayamba okha kundiseka.

"Amake Chisomo, muno ndasala kudya kuposa gulu lanu lonse lija. Mukawauze andisankhe ukulu wa mpingo."

Ndinalira, ndipo ndinawauza kuti ndikupita kupolisi kukaulula kuti woyatsa ndinali ine.

"Mukalowa inu, mukuganiza kuti ine anditulutsa? Wowolotsa anthu ndine, ndipo lamulo ndinkalidziwa. Ndiye ana awasunga ndani tonse tikakhala muno?" Kenaka anati, "Koma pali chimodzi. Chisomo atabwera ndi abale kudzandiona anandifunsa chifukwa chimene ndinawotchera chilumba. Kusukulu akumamunena kuti ndi mwana wa wowotcha paki. Anthu anene zimene anganene, koma mwana wanga asamandione choncho."

Chimenechi chinandivuta kuposa kupita kupolisi. Chisomo ndi mwana wathu woyamba, mtsikana wa ku sekondale, ndipo ine ndi amene ndinamuphunzitsa kupemphera. Ndinazengereza masabata angapo. Tsiku lina tikuchapa kunyanja ndinamuuza zonse, kuyambira kusala kudya kuja mpaka petulo. Sanalire. Anangofinya malaya amene anali m'manja mwake, n'kufunsa kuti, "Ndiye pamene ankawamanga aja, amayi, inu munali pomwepo?" Ndinati inde. Anasenza beseni lake n'kumapita.

Lamulungu lotsatira ndinapempha abusa kuti ndiime kutsogolo kwa mpingo, ndipo ndinanena zomwezo. Udindo wonse ndinatula. Chisomo anakhala nthawi osandilankhula bwino. Ulendo wotsatira wa kundende anapempha kuti apite yekha, ndipo atabwerako anangondiuza kuti abambo ake akuti zikomo. Tsopano timalankhulana, koma popemphera madzulo amatsogolera ndi iye, ndipo ine ndimangovomereza Amen. Abambo ake akadali m'kati, ndipo akadzatuluka boti sadzalipeza.

Ndiye ndikupempheni, makamaka inu anzanga okonda kupemphera m'mapiri, m'nkhalango ndi m'zilumba. Musanakwere, funsani ngati malowo ndi otetezedwa. Ngati pakufunika chilolezo, kachitengeni, si tchimo kugogoda pa ofesi. Musayatse moto, musadule mitengo yomangira misasa, musasiye mapulasitiki. Lamuloli silifunsa ngati unalowa ndi mfuti kapena ndi buku la nyimbo, ndipo limatha kutenga ufulu wa munthu pamodzi ndi chipangizo chimene amadyera. Malemba amatiuza kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, amatiuzanso kuti tizimvera olamulira. Mavesi amenewa ndinkawadziwa pamtima, koma ndinasankha okhawo amene ankagwirizana ndi zofuna zanga. Mukaona kuti chimene mukuti mwauzidwa ndi Mzimu chikufuna kubisira abusa anu, kuzembera alonda ndi kupondereza mnzanu wa m'nyumba, imani kaye mufunse kuti mawuwo akuchokera kuti. Ndipo wina amene amadziwa bwino ntchito yake akakuchenjezani, musamuyese wopanda chikhulupiriro.

Mukamagwada, muwakumbukire amuna anga ndi onse amene ali m'ndende chifukwa cha zolakwa za ena. Ambuye akudalitseni inu ndi a m'nyumba mwanu. Akupatseni makutu omva chenjezo nthawi isanathe, ndi pakamwa ponena zoona pa ola limene zikufunika. Asunge kutuluka kwanu ndi kulowa kwanu, pamtunda ndi panyanja, ndipo wina aliyense wa kwanu asadzasenze mtolo umene munamanga inu. Amen.