Mpata wa Pamwamba pa Khoma

Nyumba ya lendi imene tinkakhala kumunsi kwa Nguludi inkadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa. Pakati pa khoma ndi malata panali mpata woti mkono n'kulowa, ndiye chiperoni chikatsika kuphiri mu Juni, mphepo inkangolowa ngati kwawo. Ndinkaika moto paphale m'chipinda, koma kutentha konse kunkathawira kumalata. Mwana wanga woyamba, asanayambe n'kukwawa komwe, anayamba kutsokomola.

Bambo ake ankachapa zovala kuchipatala cha mishoni, ndipo nyumba ina yapafupi kunalibe. Ndinapempha eni nyumba, amayi ena achikulire, kuti titseke mpatawo n'kuika siling'i ya mphasa. Anati walendi sagwira khoma la mwini, ntchitoyo adzagwira mkamwini wawo. Kunena zoona, wina woti n'kugwira kunalibenso. Odziwa kumanga anali atapita ku Limbe, ena ku Joni, pamudzi patatsala iye yekhayo.

Mkamwiniyo anabweradi, ndipo ntchito ankaidziwa, sindingamunamizire ayi. Anagumula mzere wapamwamba wa zidina kuti alowetse mitanda, nati mawa abwera ndi mphasa. Mawa lakelo anakangana ndi mkazi wake, akuchikazi n'kumutulutsira katundu panja. Ananyamula zida zake ulendo wa kwawo ku Kadewere. Mpata uja tsopano unali woti mutu wa munthu n'kulowa.

Ine sindine wokhala pansi n'kugwira tsaya. Ndinayenda mpaka ku Boma mwana ali kumbuyo, n'kupezako mmisiri wina wokalamba pamsika. Atamva mmene mnzakeyo anachokera, anapukusa mutu.

"Amayi, khoma limene mnzako walisiya ndi mkwiyo sumaliza. Sudziwa chimene wasiyapo."

Eni nyumba nawo anati tidikire, mwina awiriwo abwererana. Ha, mwana wanga adikire ukwati wa eni! Ndinakwera pamtondo n'kutseka mpatawo ndi masaka. Iwo anatuma uthenga woti ndichotse, anthu angamati nyumba yawo ndi khola. Bambo a mwana anangoti tisayambane nawo, akatitulutsa tikagona kuti. Ndinachotsa masakawo ndikutukwana chamumtima, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Posakhalitsa mwanayo anamugoneka m'chipatala ndi chibayo. Muwodimo munali siling'i ndi mawindo otsekeka bwino. Ndinkagona pasimenti pafupi ndi bedi lake, komabe mphepo sindinaimve. Kupuma kwake kunayamba kubwerera m'malo. Tsiku lina m'mawa asisitere anamuyeza, namwetulira.

"Wachira uyu, amayi. Pitani naye kunyumba, koma asakamenyedwe ndi mphepo."

Amayi anzanga a muwodimo anandiwombera m'manja. Ine ndinkamanga katundu pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu, iwo n'kumati ndikulira chimwemwe.