Makapisozi amene ndinkasunga m'chitini

Ndinayamba kudandaula Lachiwiri loyamba la Febuluwale, chaka cha dzana. Tsikuli lili m'kope langa, ndipo pambali pake ndinalemba kuti minibasi yochokera kwa Malomo inatitimira m'matope kawiri. Ndinauza adokotala kuti makapisozi amene ankapatsa mdzukulu wanga sakumuthandizanso. Anamulembera omwewo.

Mdzukuluyo ndi mtsikana wa Fomu 2, mwana wa mwana wanga wamkazi. Anabadwa ndi matenda olimbitsa makhololo m'mapapo, moti tizilombo timapezamo pokhala. Ku chipatala chachikulu anati dzina lake ndi sisitiki faibulosisi, ndipo ndinawapempha kuti anditchulire chilembo chimodzichimodzi.

Ndinaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ya mishoni ndipo sinditaya pepala. Chifuwa chitakula, ndinapita naye kwa dokotala wina, mayi wachitsikana, nditanyamula mabuku ake onse anayi a kuchipatala ndi chitini cha makapisozi. Ndinkafuna aone umboni.

"Agogo, awa ndi a chiyani?" anafunsa adokotala.

"Otsala. Akapeza bwino ndimamusiyitsa, kuti chikayambiranso tikhale nawo."

"Ndiye samaliza?"

"Munthu wachira amwerenji mankhwala?"

"Agogo amasunga ndi mapepala a switi omwe," anatero mdzukulu wanga, akutsokomola ndi kuseka.

Adokotala anati matendawa pa okha amabweretsa tizilombo tosamva mankhwala, koma kusiyira panjira kumatizoloweretsa msanga. "Mapepala sungani. Mankhwala azimaliza." Ndinachita manyazi, koma ndinalemba mawuwo momwe anawanenera. Chitini chinatsala pa tebulo pawo.

Anatumiza makhololo kukayezetsa, ndipo oyezawo anauza adokotala zotsatira pa foni. Mwana anagonekedwa masabata awiri akubayidwa mankhwala ena, mpaka kutentha thupi kunatha.

Masiku ano tili bwino. M'mawa uliwonse asanapite ku sukulu amagona chafufumimba pa mphasa, mayi ake n'kumamuwomba pamsana ndi manja opinda kuti makhololo atuluke. Ine ndimagwira wotchi. Amati ndimawonjezera mphindi, ndipo sanama. Lamulungu amaimba kwaya. Akatsokomola pakati pa vesi, anzake amangopitiriza mpaka awapeze.

Chondikwiyitsa n'chimodzi. Pepala la zotsatira silinafike, ndipo adokotala achitsikana aja anasamutsidwa. M'buku la mwanayu mulibe paliponse polembedwa mankhwala amene tizilombo take sitikumva. Chifuwa chikabwerera, woyamba kumuona adzalemba makapisozi akale aja, ndipo mawu a nkhalamba sadzaposa buku. Ndalemba makalata atatu opita kwa akuluakulu a chipatala. Yachinayi ndamaliza lero, ndipo ikutha motere:

"Choncho ndikupempha mwaulemu kuti zotsatira za makhololo a mdzukulu wanga zifufuzidwe, zilembedwe m'buku lake ndi kudindidwa, ndiponso kuti mundiyankhe m'kalata nyengo yozizira isanafike."